AC ikafooka mu hybrid, musathamangire gasi

Ukachoka mu Blantyre m'mawa kulowera ku Chikwawa, kamphepo kamakhala kakadali kabwino. Koma ukangomaliza kukhotakhota m'phiri muja n'kufika pa Thabwa, umamva ngati wayandikira uvuni wa njerwa. Mwezi wa Okutobala chaka chatha ndinatsika msewu umenewu ndi amayi anga, ulendo wa ku Nchalo kukazonda achemwali awo. Galimoto yanga ndi Toyota Aqua ya 2012, imodzi mwa zija zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe zitayenda kale zaka zambiri ku Japan.

Titawoloka mlatho wa Kamuzu pa Shire, amayi anandifunsa ali kumpando wakumbuyo: "Mwanawe, kodi chozizira chija wazimitsa?" Sindinazimitse. Ndinali nditachikweza mpaka pamapeto, koma mpweya wake unali wochepa ndiponso wofunda. Ndinatsitsa mawindo, fumbi ndi chifundizi n'kulowa. Amayi amadwala BP, ndipo tinafika ku Nchalo thukuta lili kamukamu, mutu ukuwawawa. Zinandipweteka mumtima, chifukwa ndinawatenga pa galimoto kuti asavutike m'minibasi.

Panali zinthu zina ziwiri zimene ndinaziona tsiku limenelo koma osazimvetsa. Pansi pa mpando umene amayi anakhala pankamveka kafani kakulira mosalekeza, ndipo injini, imene imazima yokha ndikaima, inkangolirabe.

Masabata atatu m'mbuyomo ndinali nditathiritsa kale gasi. Mnyamata wa pamalo ena m'tauni anangoika dzanja potulukira mpweya n'kunena mawu amene aliyense wokhala ndi galimoto anawamvapo: "Gasi watha, bwana. Tiwonjezere basi." Anabwera ndi botolo lake, analumikiza mapaipi, m'galimoto munazizira, ndinalipira. Mawu akuti "gasi watha" ndi amene amatisocheretsa ambirife. Gasi wa AC si petulo woti amapsa n'kutha. Amazungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka mu kompuresa kupita ku kondensa kutsogolo, kulowa m'kati mwa dashibodi, n'kubwereranso. Zoona, pakapita zaka angachepe pang'ono kudzera m'marabala okalamba. Koma akachepa m'masabata atatu, ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kuwonjezera wina kuli ngati kutungira madzi m'ndowa yothonya.

Nditabwerako ku Nchalo, mnzanga wina anandilozera kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza ma AC kwa zaka zambiri. Ndinkayembekezera kuti nawonso athamangira botolo. Iwo anakhala pampando wa dalaivala, anayatsa galimoto mpaka mawu akuti READY anaoneka, n'kuyamba kuyang'ana mabatani. Anazimitsa la ECO. Anandiuza kuti pa Aqua ndi pa Prius batani limeneli limachepetsa dala mphamvu ya AC pofuna kusunga mafuta, moti anthu ena amabwera kudzadandaula za AC pamene vuto lonse ndi batani limene mwana anadina. Kenako anadina lija lojambulidwa galimoto ndi kamuvi kozungulira m'kati, lomwe limachititsa kuti AC iziziziritsa mpweya wa m'galimoto momwemo m'malo mokoka wotentha wa panja. Anandikumbutsanso kuti popanda READY kompuresa ya galimoto zimenezi siyenda, ngakhale wailesi ikulira ndipo fani ikupemerera.

Atatero anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasinjala, anakagwetsera pansi, n'kusolola fyuluta kuseri kwake. Sindinkadziwa n'komwe kuti kuli chinthu chotero. Inatuluka ili yofiira ngati dothi la katondo, m'mapindo mwake mutadzaza timasamba touma, mankhusu a chimanga ndi ubweya. Anaimenya pa tayala kamodzi, fumbi linangoti koboo. Anaiika padzuwa kuti ndione: kuwala sikunkadutsa. "Achimwene," anatero, "mpweya wanu wonse umadutsa apa. Kodi munthu angapume atamutseka pamphuno ndi bulangeti?"

Kutsogolo anandiwerametsa n'kuunikira ndi tochi kuseri kwa bampala. Kondensa imakhala patsogolo pa redieta, ndipo ndi imene imataya kutentha konse kochokera m'galimoto. Yanga inali itamatidwa ndi matope, udzu ndi tizilombo touma. Pakona yakumunsi panali banga lakuda lonyowa, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana, fumbi litakakamira pamenepo. Anapaka chala n'kundionetsa: oyilo. Gasi akamathawa amatuluka ndi kaoyilo, ndiye pamene pathonya pamadziulula ndi banga lotere. Kamwala ka mumsewu kanali kataboola.

Bambowa ali ndi njira yawo yosiyanitsira matenda, ndipo aliyense angaigwiritse ntchito asanawononge ndalama. Mpweya ukamatuluka wochepa koma wozizira, yambani ndi fyuluta kapena fani ya m'kati. Ukamazizira galimoto ikuthamanga koma n'kufunda mukaima pamzere, yang'anani kondensa ndi fani ya kutsogolo, chifukwa mukaima palibenso mphepo yothandiza. Ukamatuluka wambiri koma wofunda nthawi zonse, pamenepo ndiye munthu angakayikire gasi, kompuresa, kapena kachitseko ka m'dashibodi kamene kamasakaniza mpweya wozizira ndi wa hita. Timadzi todontha pansi pa galimoto AC ikamayenda si vuto, ndi chizindikiro chakuti ikugwira ntchito. Ine ndinali ndi matenda atatu pamodzi, ndipo awiri mwa iwo sankafuna gasi n'komwe.

Koma funso limene anandifunsa nkhope itasintha linali lina: "Anyamata aja anathiramo oyilo?" Ndinati ayi, gasi yekha. Anapumira m'mwamba.

Apa ndi pamene hybrid imasiyanirana ndi galimoto zimene tinakula tikuziona. Pa Corolla kapena Hiace, kompuresa imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini. Prius yoyamba, ya 1997, inalinso choncho. Koma kuyambira pa Prius yachiwiri, imene inatuluka mu 2003, Toyota inachotsa lamba n'kuika mota ya magetsi m'kati mwa kompuresa momwemo, kuti m'galimoto muzizizirabe injini ikazima. Aqua, yomwe inayamba kugulitsidwa ku Japan mu Disembala 2011, inatengera zomwezo. Mota imeneyi sidya batire laling'ono la mavoti 12. Imakoka ku batire lalikulu, lomwe pa Prius yachiwiri ndi yachitatu ndi la mavoti 201.6, pa Aqua yakaleyi 144. Ndipo mawaya a motayo amakhala m'kati momwe mukudutsa gasi ndi oyilo, akusamba momwemo tsiku lonse.

N'chifukwa chake oyilo wake ayenera kukhala wosadutsitsa magetsi. Dzina lake ndi ND-11. Oyilo wa ma AC a galimoto wamba, wotchedwa PAG, amayamwa chinyezi ndipo satchinga magetsi mokwanira. Akalowa mu kompuresa ya magetsi, ngakhale wochepa, mphamvu ingayambe kuthawira ku chitsulo cha galimoto. Kompyuta ya galimoto imalondera zimenezi nthawi yonse imene galimoto yayaka. Ikaona kuti magetsi akuthawa imayatsa chenjezo, pa makina opimira pamaoneka nambala P0AA6, ndipo nthawi zina galimoto imakana kulowa READY. Mwini wake amayamba kulira kuti batire lafa, mwinanso n'kugula lina, osadziwa kuti gwero lake ndi kaoyilo kamene kanathiridwa mwezi watha. Kumuchotsa oyilo wolakwikayo si ntchito yamasewera, chifukwa amakhala atafalikira mu kompuresa, mu kondensa ndi m'kati mwa dashibodi. Ngakhale mapaipi a makina othirira gasi, ngati angochoka kumene pa minibasi, amakhala ndi oyilo wotsalira. Bambo aja ali ndi mapaipi apadera a hybrid okhaokha, amawapachika pamsomali wawokha.

Zonsezi zalembedwa pa galimoto. Buku limene limabwera nayo ndi la Chijapani, zoona, koma pansi pa boneti pali kapepala komatidwa komwe zofunikazo zili m'zilembo zathu zomwezi: HFC-134a, kuchuluka kwa gasi m'magalamu, ndi ND-OIL 11. Gasi yense wa galimoto zimenezi safika ndi theka la kilo. Pa muyezo wochepa chonchi, kuthira moyerekeza n'kulakwitsa, ndipo gasi akachuluka AC imafookanso chimodzimodzi ngati wachepa. Kuwerenga mawotchi a pa mapaipi pakokha sikukwanira, popeza kompuresa ya magetsi imasinthasintha liwiro yokha. Pamafunika sikelo.

Si hybrid iliyonse ili chonchi, ndipo amene ali ndi Honda asachite mantha ndi zimene si zawo. Insight ya 2009 ndi Fit Hybrid ya 2010 zili ndi kompuresa ya lamba. Injini ikazima pa maloboti, kompuresa nayo imaima, mpweya n'kuyamba kufunda mpaka injini itadzukanso. Ndi mmene anazipangira. Amene ali ndi Prius ya pakati pa 2003 ndi 2009 akumbukire chinthu china: ili ndi kapampu kozunguza madzi oziziritsa inveta, ndipo kakafa, AC imadula pa ulendo wautali, chenjezo lofiira n'kuyaka. Galimoto ili pa READY, suzumirani m'kathanki ka madzi apinki pafupi ndi inveta. Ngati madziwo angoti zii osagwedezeka, vuto lili pa pampu.

Nanga kafani kaja kankalira pansi pa amayi? Kameneka ndi kamene kanasintha maganizo anga pa nkhani yonseyi. Batire lalikulu la Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limaziziritsidwa ndi mpweya wa m'galimoto momwemo, womwe kafani kamakoka kudzera pa kazenera kakang'ono m'munsi mwa mpandowo. Pa Prius kazenerako kali m'mbali mwa mpando wakumbuyo. Ndiye kuti mpweya umene mukupuma inu ndi umene batire likupuma. M'galimoto mukatentha, batire limatentha, kompyuta imachepetsa kuligwiritsa ntchito, injini n'kumasenza katundu yense, mafuta n'kumapita. Ndi zimene zinkachitika pa ulendo wa ku Nchalo uja. Ndipo mabatire amenewa, a mtundu wa nickel-metal hydride, kutentha ndi kumene kumawakalambitsa msanga.

Ndikudziwa chifukwa chake ambiri timazimitsa AC. Tagonapo pamizere ya mafuta, ndipo dontho lililonse timaliwerengera. Ku Dedza kapena ku Mzuzu mwezi wa Juni, zimitsani ndithu. Koma ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga dzuwa lili paliwombo, zimene mwapulumutsa pa petulo mukuzidula pa moyo wa chipangizo chodula kwambiri m'galimoto yanu. Mukatsitsa mawindo mumsewu wafumbi, fumbi lomwelo limakathera m'kafani ka batire. Onjezani apo chizolowezi chathu chopakira thumba la chimanga, zitenje ndi zikwama kumapazi a mpando wakumbuyo tikamachokera kumudzi, kazenera kaja n'kutsekeka. Bambo aja atatsegula kafani kanga, mapiko ake anali atakutidwa ndi fumbi losakanikirana ndi tsitsi ngati thonje lakuda.

Ntchito inatenga tsiku lathunthu. Anapopera nitrogen m'mapaipi kuti atsimikize kuti pothonya ndi pamodzi pokha, anasintha kondensa, anakoka mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu kwa theka la ola, anabwezera kaoyilo ka ND-11 kuchokera m'botolo lomwe anatsegula ine ndikuona, kenako anaika botolo la gasi pa sikelo n'kuthira magalamu olembedwa pa boneti. Atalowetsa choyezera kutentha potulukira mpweya, chinatsika mpaka madigiri 7. Papita chaka tsopano, gasi sanachepe.

Mnyamata woyamba uja sindimusungira chakukhosi. Anaphunzira ntchito pa galimoto za lamba, ndipo pa zimenezo mwina amaidziwa bwino. Galimoto zasintha mofulumira kuposa maphunziro a anthu ozikonza, ndipo ine ndingakonde kuona masukulu athu a ntchito zamanja akufikira anyamata a m'magalaja a m'mbali mwa msewu ndi maphunziro afupiafupi a hybrid. Nkhaniyi ikukhudzanso moyo wawo. Mawaya a olenji opita ku kompuresa angaphe munthu wowagwira asanadule magetsi a batire lalikulu. Ndipo gasi wa mafiriji a masiku ano, R600a, amayaka moto, moti sayenera kuyandikira galimoto ngakhale atatchipa chotani.

Kwa inu amene muli ndi Aqua kapena Prius yakale, kutentha kusanafike pachimake, sololani fyuluta ija muione, tsukani kondensa ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, osati a makina amphamvu otsukira galimoto omwe amapinda timapiko take, ndipo chotsani katundu pa kazenera ka batire. Zikakanika, pitani kwa okonza, koma asanalumikize paipi afunseni modekha kuti gasi wathawira pati, athira wochuluka bwanji, ndipo oyilo wawo ndi uti. Akakuyankhani kuti oyilo ndi oyilo basi, athokozeni, tsekani boneti, mukafune wina.