Mwana wa kapamba wosaphwa: tileke kuloza amai cala

M'makomboni mwathu muno, mwana akatupa mimba ku mbali ya kumanzere, tonse timati ndi kapamba wa malungo. Nthawi zambiri zimakhaladi tero. Likodzo, sickle cell ndi khansa ya m'magazi nazonso zimatupitsa kapamba. Koma alipo ana ena owerengeka amene amamwa mankhwala a malungo mobwereza-bwereza, kapamba osaphwa konse. Mwana amatumbuluka, amatopa msanga, amatuluka kamfuno, amalira mafupa usiku ndipo sakula ngati anzace.

Limodzi mwa matenda ocita zotere lichedwa Gaucher, dzina la dotolo wa ku France, Philippe Gaucher, amene analilongosola mu 1882. Thupi la munthu aliyense lili ndi mankhwala ace obadwa nao, amene amaphwanya mafuta otsala pamene tizigawo ta magazi takalamba. Wodwala Gaucher ali ndi ocepa kwambiri a mankhwala amenewa. Tsono mafutawo amaunjikana m'kapamba, m'ciwindi ndi m'kati mwa mafupa. Matenda a Niemann-Pick ndi Fabry ndi a banja lomweli.

Owerenga, mvetsetsani apa. Mafuta amenewa sacokera m'mbale. Kumana mwana saladi, nsinjiro kapena mazira sikucotsa kanthu m'kapamba, kumangoonjezera njala pa thupi lofooka kale. Mpatseni cakudya cokwanira monga ana ena onse.

Cimene citiwawa kwambiri ndi mlandu umene umagwera amai. Apongozi amati magazi a mkazi ndi oipa, ena amati agogo a kumudzi analodza mwana, ukwati nkutha. Coonadi ndi cakuti matendawa amayenda monga sickle cell. Mwana amadwala pokhapo ngati watengera mbeu ya matendawa kwa atate ndi kwa amai omwe, ngakhale onse awiri ali bwino-bwino. Pa mimba iriyonse ya banja lotere, mpata wakuti mwana adwale ndi umodzi pa inai. Bambo wothamangitsa mkazi amapita nayo mbeu yace ku ukwati watsopano.

Ena adzati: kodi kudziwa dzina la matenda kuthandiza ciani pamene mankhwala ace sitingawakwanitse? Funso ili ndi lomveka. Mankhwala olowa m'malo mwa aja osowa m'thupi anayamba kuperekedwa ku America mu 1991. Amalowa ndi dripu pa masabata awiri alionse kwa moyo wonse, ndipo mtengo wace ndi woopsa. Komabe kudziwa kumapulumutsa zambiri. Banja limaleka kugulitsa katundu kuti lilipire ng'anga. Mwana satemedwanso mphini pamimba, cinthu coopsa kwa munthu amene magazi ace sagwirana msanga. Makolo amadziwa kuti aspirin angaonjezere kutaya magazi, ndi kuti mpira wogundana kapena kumenya mwana pamimba kungaphulitse kapamba. Madotolo angathandize kucepa kwa magazi ndi ululu wa mafupa. Ambiri odwala mtundu wosagwira ubongo, umene ndiwo wofala, amakula, amaphunzira, nakwatira.

Cotero tikupemphani makolo: ngati kapamba saphwa ndipo popima malungo sapezeka, musabwerere kunyumba cete. Pemphani kalata ku kiliniki yopita ku cipatala cacikuru, monga Chipata Central, kumene angakutumizeni ku UTH ku Lusaka. Nyamulani makadi onse akale a mwana. Uzani adotolo ngati m'banja munadwalapo wina motere, kapena ngati inu ndi amuna anu muli pa cibale. Masiku ano matendawa amapimidwa ndi madontho a magazi oumitsidwa pa kapepala, kamene kangatumizidwe kutali.

Azibambo, pitani nao limodzi ku cipatala. Mwana wodwala ndi wa nonse awiri, ndipo matenda ace anacokera kwa nonse awiri.