Nkhani ya Ohtani: atolankhani adamva mawu a wakuba n'kumayesa ndi a mwini ndalama

Mwanza: Masewero a baseball sadziwika kwenikweni kuno kwathu, ndipo n'zokayikitsa ngati pa boma la Mwanza pangapezeke anthu khumi odziwa malamulo ake. Komabe mkangano omwe udabuka m'nyuzipepala ndi pa wailesi za kanema za ku America m'mwezi wa Malichi 2024, wokhudza katswiri woponya mpira wa ku Japan, Shohei Ohtani, ukukhudza mtolankhani aliyense amene amalemba zomwe wamva kudzera mwa womasulira. M'dziko muno atolankhani otere alipo ambiri.

M'masewerowa, woponya mpira amaima pakati pa bwalo n'kuponyera mpirawo munthu wa timu ina, yemwe amayesetsa kuumenya ndi chibonga kuti upite kutali. Kawirikawiri wosewera amadziwa ntchito imodzi mwa ziwirizi, koma Ohtani amachita zonse, monga goloboyi yemwenso ali patsogolo pomwetsa zigoli m'ligi. Mkuluyu adasewera m'timu ya Nippon-Ham Fighters kwawo ku Japan kuyambira mu 2013, adapita ku Los Angeles Angels mu 2018, ndipo mu Disembala 2023 adasainira mgwirizano wa zaka 10 ndi timu ya Los Angeles Dodgers wa ndalama zokwana madola 700 miliyoni a dziko la America.

M'zaka zonse zomwe adakhala ku Angels, mawu a Ohtani ankatuluka kudzera mwa munthu mmodzi, Ippei Mizuhara, yemwe adabadwira ku Japan koma adakulira ku California. Awiriwa adadziwana ku Nippon-Ham komwe Mizuhara ankamasulira osewera olankhula Chingerezi. Ku America ntchito yake idaposa kumasulira. Ankamuyendetsa pa galimoto, ankakhala naye pochita zokonzekera, ndipo mu 2018 ndi iye amene adamuperekeza kubanki ku Arizona kukatsekula akaunti yolandirira malipiro.

Womasulirayu adayamba wakhalapo m'kamwa mwa atolankhani mkangano waukuluwu usadafike. Mu Julayi 2021 Stephen A. Smith, yemwe amathirira ndemanga pa zamasewero pa kanema ya ESPN, adati sizikuthandiza masewero a baseball kuti katswiri wake wamkulu akhale munthu wofuna womasulira kuti anthu amve zomwe akunena. Anthu adamudzudzula kuti akunyoza osewera ochokera kunja ndipo iye adapepesa. Mkangano wa nthawi imeneyo udathera pa funso loti kodi n'koyenera kuti mlendo azilankhula chinenero chake. Funso loti kodi alipo wina amene akumva zomwe womasulirayo akunena mbali zonse ziwiri silidamveke.

Khoswe wapadenga adaulula wapadzala. Apolisi a boma la America ankafufuza Mathew Bowyer, yemwe ankayendetsa juga ya zamasewero mosemphana ndi malamulo a ku California, ndipo pofufuzapo adapeza dzina la Ohtani pa ndalama zomwe zidatumizidwa kwa mkuluyo. Atolankhani a ESPN, motsogozedwa ndi Tisha Thompson, adamva kuti ndalamazo zidali zosachepera madola 4.5 miliyoni ndipo adayamba kufunsa mafunso. Apa n'kuti timu ya Dodgers ili mumzinda wa Seoul ku South Korea komwe inkatsekulira ligi ya 2024 posewera ndi San Diego Padres.

Yankho loyamba lidachokera kwa mneneri wa Ohtani, yemwe adauza ESPN kuti katswiriyo adatumiza yekha ndalamazo pofuna kubweza ngongole ya juga ya mnzake. Mneneriyo adaperekanso mawu omwe adati ndi a Ohtani otsimikiza zimenezi, kenaka adakonza zoti Mizuhara acheze ndi atolankhaniwo. Pa 19 Malichi womasulirayo adalankhula kwa mphindi pafupifupi 90. Adafotokoza momwe adagwera m'ngongole, momwe adapemphera thandizo, ndi momwe Ohtani adakhumudwira koma n'kuvomera kumuthandiza.

Tsiku lotsatira nkhani idatembenuka. ESPN isadatulutse zomwe idamva, mneneri uja adakana zonse zomwe Mizuhara adanena, ndipo maloya a Ohtani adatulutsa chikalata chonena kuti katswiriyo waberedwa ndalama zankhaninkhani. Timu ya Dodgers idachotsa ntchito Mizuhara. Nyuzipepala ya Los Angeles Times ndi ESPN adatulutsa nkhaniyi pa 20 Malichi, ndipo dziko lidalandira mafotokozedwe awiri otsutsana, onse ooneka ngati achokera kumbali ya Ohtani.

Chomwe anthu ambiri sadachimvetse panthawiyo n'chakuti mafotokozedwe oyamba aja, ngakhale adamveka kuchokera kwa mneneri komanso kwa Mizuhara, gwero lake lidali limodzi. Mneneriyo sankalankhula Chijapani. Funso lililonse lopita kwa Ohtani linkadutsira mwa Mizuhara, ndipo yankho lililonse linkabwerera mwa iye yemweyo. Mtolankhani amaphunzitsidwa kuti nkhani ikhale ndi anthu awiri oitsimikiza asadaitulutse. Pano anthu awiriwo adalipo, koma pakamwa padali pamodzi. Malingana ndi zomwe Ohtani adafotokoza pambuyo pake, iye adayamba kuzindikira kuti pali vuto pomwe Mizuhara adaimirira pamaso pa osewera anzake ku Seoul n'kuyamba kulankhula za juga m'Chingerezi, popanda womumasulira. Adamva tsatanetsatane wake atabwerera kuhotela.

Pa 25 Malichi Ohtani adawerenga chikalata pamaso pa atolankhani ku Dodger Stadium kwa mphindi pafupifupi 12, Will Ireton akumumasulira. Adati sadabetcheko pa masewero alionse, sadatumize ndalama kwa munthu wa juga, ndipo Mizuhara adamubera n'kunama. Sadalole mafunso. Apa alangizi ake adalakwitsa, chifukwa munthu amene nkhani yake yasintha pa tsiku limodzi akakana mafunso amaoneka ngati akubisa kanthu.

Milungu itatu yotsatira idali ya mphekesera. Othirira ndemanga ambiri pa wailesi ndi pa intaneti ankafunsa kuti zingatheke bwanji munthu kutaya madola mamiliyoni osadziwa, ndipo ena ankanena poyera kuti Mizuhara wangosenzetsedwa mlandu wa bwana wake. Kukayikaku kudali ndi chifukwa chake. Malamulo a baseball salekerera juga, moti katswiri wina wotchuka, Pete Rose, adaletsedwa kutenga nawo mbali m'masewerowa mu 1989 chifukwa chobetcha. Kufunsa kudali koyenera. Chomwe sichidali choyenera n'kusandutsa funso kukhala chigamulo pomwe umboni udali usadatuluke.

Umboniwo udatuluka pa 11 Epulo 2024 pomwe woimira boma pa milandu ku Los Angeles, Martin Estrada, adalengeza kuti Mizuhara akuzengedwa mlandu wobera banki mwachinyengo. Zikalata za boma zidaonetsa kuti pakati pa Disembala 2021 ndi Januwale 2024 womasulirayo adabetcha maulendo pafupifupi 19,000, adapambana madola 142 miliyoni, adaluza madola 183 miliyoni. Adasintha nambala ya lamya ndi adiresi ya imelo pa akaunti ya Ohtani kuti mauthenga a banki azifikira kwa iye, ndipo adaimbira banki lamya maulendo pafupifupi 24 akudzitchula kuti ndi Ohtani. Nthumwi ya katswiriyo, Nez Balelo, pamodzi ndi akatswiri owerengera chuma chake sankaiona akauntiyo chifukwa Mizuhara adawauza kuti mwini wake akufuna ikhale yachinsinsi. Palibe mmodzi mwa iwo amene ankamva Chijapani kuti afunse yekha.

Ofufuza a boma adachita chinthu chomwe ena onse sadachite. Adatenga lamya za awiriwa n'kupeza wodziwa Chijapani wawowawo kuti awerenge masamba zikwizikwi a mauthenga omwe ankatumizirana. Sadapezemo zokambirana za juga. M'mauthenga a Mizuhara opita kwa Bowyer adapezamo mawu ovomera kuti adamuberadi mnzakeyo. Pa 4 Juni 2024 Mizuhara adavomera mlandu woba pafupifupi madola 17 miliyoni, zomwe ndi pafupifupi K30 biliyoni potengera mtengo wa kwacha m'mabanki chaka chimenecho, ndipo akuluakulu a ligi ya Major League Baseball adalengeza kuti Ohtani alibe mlandu. Pa 6 Febuluwale 2025 bwalo la milandu lidagamula kuti Mizuhara akakhale kundende miyezi 57 ndi kubweza ndalamazo.

Anthu a ku Mwanza safunika kuuzidwa kuti mafotokozedwe oyamba a nkhani amatha kuchokera kwa olakwa enieniwo. Mu Meyi 1983 dziko lidauzidwa kuti nduna Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala pamodzi ndi phungu David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto cha ku Thambani m'boma lino. Padatenga zaka zoposa khumi kuti komiti yofufuza yomwe idakhazikitsidwa mu 1994 inene kuti anthuwa adachita kuphedwa ndi apolisi. Kukula kwa nkhani ziwirizi n'kosiyana kutalitali, ndipo mu 1983 mtolankhani wofunsa funso akadaika moyo wake pachiswe. Atolankhani a ku America a 2024 adali ndi ufulu wonse. Chidawatchinga ndi chinenero.

Chotchinga chimenechi kwathu kuno n'cha tsiku ndi tsiku. Mfumu ikalankhula pa msonkhano wa chitukuko m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, mtolankhani amalemba m'Chingerezi, nkhani imapita kwa mkonzi, kenaka wina amaibwezera m'Chichewa kuti iwerengedwe pa wailesi. Mawu omwe amaikidwa m'kamwa mwa mfumuyo madzulo amakhala atadutsa m'manja mwa anthu atatu. Pachipata cha Mwanza, pomwe msewu umalowera ku Zobue m'dziko la Mozambique, nkhani zambiri zimayambira m'Chipwitikizi. Nzika za ku Ethiopia zikagwidwa zikudutsa m'dziko muno popanda zikalata, timawerenga kuti zavomera mlandu kapena zafotokoza komwe zimapita, koma si kawirikawiri pomwe nkhani imatchula kuti mawuwo adamasulira ndani. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu kwa woimbidwa mlandu kuti azengedwe m'chinenero chomwe akumva kapena apatsidwe womasulira. Owerenga nyuzipepala alibe chitetezo chotere, kupatula mkonzi amene angaumirire kuti nkhani inene poyera kuti mawuwa adamveka kudzera mwa wina.

Nawonso osewera athu akuyenda m'njira yomwe Ohtani adayendamo. Tabitha Chawinga wasewerapo ku Sweden, China, Italy ndi France, ndipo mng'ono wake Temwa adachoka ku Wuhan kupita ku Kansas City Current komwe mu 2024 adamwetsa zigoli 20 m'ligi n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Palibe chomwe chamveka chofanana ndi za Mizuhara pa awiriwa, koma ulendo wawo ukuonetsa kuti mwana wa ku Malawi atha kupezeka akusainira mgwirizano kapena kutsekula akaunti m'dziko lomwe sakumva ngakhale moni. Bungwe la Football Association of Malawi ndi matimu omwe amagulitsa osewera kunja angachite bwino kuonetsetsa kuti womasulira mgwirizano asakhale munthu yemweyo amene akudyapo pa mgwirizanowo.

Atolankhani a ESPN ndi Los Angeles Times ayenera kuyamikiridwa chifukwa mafunso awo ndi amene adachititsa kuti Ohtani adziwe kuti akuberedwa. Koma pali kanthu kena komwe kakuonetsa momwe womasulirayu adakhalira wosafunsidwa. Kwa zaka zingapo, buku lomwe timu ya Angels inkapereka kwa atolankhani linkati Mizuhara adamaliza maphunziro ake pa University of California, Riverside, ndipo nkhani zambiri zinkati adagwirapo ntchito yomasulira ku timu ya Boston Red Sox. Nkhani ya kuba itatuluka, atolankhani adafunsa. Sukuluyo idati ilibe umboni woti adaphunzirako, ndipo Red Sox idati sidamulembepo ntchito.