Chiphaso cha wayilesi chisamatsatire mphepo ya ndale

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa Kapondo ku Mchinji mawuwa amauza munthu amene akuseka nyumba ya mnzake ikupsa, chikhalirecho denga lakenso ndi laudzu. Andale a dziko lino akadawasunga mumtima, chiphaso cha wayilesi chikadaleka kukhala chibonga chongosintha manja boma likasintha.

Mu 2008, Bingu wa Mutharika akulamula, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la MACRA lidalanda chiphaso cha Joy Radio. Mwini wake anali Bakili Muluzi, yemwe bungwelo lidabadwa mu ulamuliro wake mu 1998. Khoti ndilo lidabwezera wayilesiyo pamphepo. Pa zionetsero za mu Julayi 2011, Capital FM, Joy ndi MIJ FM adazithimitsa kwa kanthawi chifukwa choulutsa zimene zinkachitika m'misewu. Mu 2019 MACRA idaletsa mapologalamu oimba foni pamene anthu ankatsutsa zotsatira za chisankho.

Amene ankadandaula nthawi imeneyo adalowa m'boma mu 2020. Pofika 2022, Rainbow TV ndi nyumba zina zoulutsira mawu zidalandidwa ziphaso chifukwa cha ngongole. Ngongole iyenera kubwezedwa, palibe akukana. Koma mtengo wa chiphaso unkawerengedwa m'madola, pamene otsatsa malonda ankalipira makwacha, ndipo mu Meyi chaka chomwecho kwacha idagwa ndi 25 pa 100 iliyonse. Atolankhani ambiri adabwerera kumudzi ntchito itatha.

Tsidya la malire zinthu nzomwezo. Ku Zambia, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la IBA lidalanda chiphaso cha Prime TV mu Epulo 2020, Edgar Lungu ali pampando. Mu Ogasiti 2021, Hakainde Hichilema atangopambana, chiphasocho chidabwerera. Ambiri adakondwa, ndipo kunali koyenera. Komatu lamulo silidasinthe m'miyezi 16 imeneyo. Adasintha ndi wokhala pampando, ndipo chiphaso chobwera ndi chisankho chingathenso kupita ndi chisankho.

Wovutika si mwini wayilesi yekha. Mlimi wa mtedza ndi soya kwa Kapondo amadalira Mudzi Wathu ya ku Mchinji ndi mawayilesi ena kuti amve mitengo mavenda asanamunamize, tsiku limene feteleza wafika, chenjezo la kolera ndi uthenga wamaliro. Nyuzipepala sizifika kumeneko tsiku ndi tsiku, ndipo bandulo ya intaneti imalimbirana ndalama ndi sopo ndi mchere. Mkonzi amene akudziwa kuti chiphaso chake chikutha miyezi ingapo boma latsopano litangolowa amayamba kusankha mawu. Funso la feteleza wochedwa amalisiya, ndipo mlimi uja sadziwa n'komwe kuti wamanidwa kanthu.

Chofunika n'chakuti nthawi yowonjezera chiphaso ilekane ndi kalendala ya ndale. Boma limakhala zaka zisanu, choncho chiphaso chizikhala ndi moyo wopitirira pamenepo. Chikamathera m'chaka cha chisankho kapena chaka chotsatira, chizipitirira chokha mpaka fumbi litakhazikika. Zoyenera kukwaniritsa zilembedwe poyera, ndipo wozikwaniritsa asamachite kupempha ngati chifundo. Mawayilesi a m'madera azilipira makwacha, ndipo wotsalira apatsidwe ndondomeko yobwezera pang'onopang'ono. Pofuna kulanda chiphaso, khoti lizimva mbali zonse wayilesi idakali pamphepo. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa mamembala a bodi ya MACRA amasankhidwa ndi Pulezidenti.

Pa 16 Sepitembala 2025 Amalawi adabwezera Peter Mutharika pampando. Chipani chake cha DPP chidagwirapo chibongachi, ndipo chidalawanso zaka zisanu za mbali yotsutsa, pamene mawu ake ankamveka makamaka kudzera m'mawayilesi omwe si aboma. Aphungu a DPP ndi a MCP, kuphatikizapo a ku Mchinji, ali ndi mwayi wokonza lamulo la 2016 loyendetsa zoulutsa mawu panopa, chisankho cha 2030 chisanayandikire, pamene palibe akudziwa amene adzakhale mbali iti ya Nyumba ya Malamulo.