Foni, Sileti ndi Kalata ya Njovu

Tsiku lina mlimi wa kufupi ndi dambo la Vwaza anatibweretsera kalata kuti tiione asanaipereke kwa akuluakulu. Njovu zinatuluka usiku ndi kumuthera munda, ndipo iye anafuna kudandaula. Kalatayo anamulembera mwana wake wa Folomu 2, poyamba pa foni, kenaka naikopera pa pepala. Bamboyo anali wonyada ndithu, nati, "Palibe cholakwa umu, pakuti foni yaona kale." Tinawerenga, ndipo pa mzere wachitatu panali mawu akuti, "Njovu zadya ngoma zanga zonse."

Inu a ku Hewe, ku Bolero ndi ku Mhuju mwamva kale chimene mwanayo anatanthauza, pakuti m'Chitumbuka ngoma ndicho chimanga. Koma kalatayi inali ya Chichewa, ndipo m'Chichewa ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotoka. Mukaikapo kachizindikiro kaja kotchedwa nkhodolero, nikhala ng'oma, basi mwanena choimbira gule. Tsono kalaliki wochokera ku Dedza kapena ku Mulanje akanaganiza chiyani? Njovu zodya nyama kapena zodya ng'oma sizinaonekepo. Akanaseka, ndipo dandaulo la munthu amene banja lake ligona ndi njala likanakhala nthabwala ya mu ofesi. Foni sinaone cholakwa chifukwa liwulo lilipo, ndipo linalembedwa bwino. Chimene foniyo sinadziwe ndicho chimene chinadyedwa m'mundamo.

Musaganize kuti tikunyoza makina. Iyayi. Makinawa afika, ndipo ena mwa iwo ndi othandiza zedi. Google Translate, imene imamasulira mawu pa foni, inalandira Chichewa mu 2014, ndipo Chitumbuka chinalowamo mu 2024. Mu 2023 Boma linayamba ntchito yotchedwa BEFIT, yopereka matabuleti m'sukulu za pulaimale kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aziphunzirapo kuwerenga, kulemba ndi masamu. Matabuletiwo amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Ubwino wake ndi wakuti tabuleti sitopa. Mwana akalephera lemba kakhumi, iyo imabwereza kakhumi, osakwiya, osatenga mkwapulo. Mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza chipinda sangathe kuchita zimenezi kwa mwana aliyense. Ngati sukulu ya kwanu yalandira zipangizozi, musatume mwana kukasoka fodya pa tsiku lake lophunzira.

Koma makina amaona maonekedwe a liwu, osati chimene chili mumtima mwa wolemba. Taonani liwu lakuti mbale. Mbale wanga ndi munthu, mbale yanga ndi yodyeramo. Mwana akalemba kuti "mbale wanga wasweka," liwu lililonse palokha lili bwino, koma wolandira kalatayo ayamba kufunsa za chipatala. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa fodya ku okushoni amalembedwa chimodzimodzi. Kula ndi khula asiyana pa kalemba kamodzi kokha. Ndiponso mafoni ambiri amabwera atatcheredwa ku Chingerezi, kotero kuti mukalemba liwu labwinobwino la Chichewa, iwo amalisandutsa la Chingerezi osakufunsani. Chifukwa chake n'chakuti makinawa amaphunzira chiyankhulo powerenga zolembedwa zambirimbiri. Za Chingerezi zachuluka ngati mchenga wa ku Chiweta, za Chichewa ndi zochepa, ndipo za Chitumbuka ndi zochepa koposa. Amene wadya pang'ono sangalime ndime yaikulu.

Nkhaniyi ikukhudza ana a ku Rumphi kuposa anzawo a ku Lilongwe. Mwana wa kuno amabadwira m'Chitumbuka, ndipo Chichewa amakachipeza ku sukulu ndi pa wailesi. Zakhala chomwechi kuyambira 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka nichotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Pa wailesi ya MBC chinabwereranso mu 1994. Tsono mwana akalemba maji m'malo mwa madzi, vinthu m'malo mwa zinthu, kapena sima m'malo mwa nsima, musamuyese wopusa. Ali ndi makasu awiri, ndipo akuphunzira kudziwa loyenera pa munda uliwonse. Komabe pa mayeso a Sitandade 8 pali pepala la Chichewa, ndipo m'chipinda cha mayeso foni siloledwa. Mmenemo mwana amakhala yekha ndi cholembera chake. Chimene chili m'mutu ndicho chimene chidzatuluke.

Makolo athu anaphunzira bwanji? Pamene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, ana ankalemba pa sileti, ena pansi pa mchenga ndi chala. Mphunzitsi ankatchula mawu, ana nalemba, ndiye lembetso limenelo. Ankakopera ndime m'buku, nawerenga mokweza pamaso pa anzawo. Njira imeneyi inatulutsa anthu odziwa kugwira cholembera. Levi Mumba, amene anaphunzira ku Livingstonia, anali mlembi wa North Nyasa Native Association imene inayamba mu 1912, ndipo makalata a bungwelo ankafika pa tebulo la Boma. Mu 1944 iye anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. Sitikunena kuti zakale zonse zinali zabwino. Mkwapulo unathawitsa ana ambiri, ndipo amene anafika patali anali owerengeka, makamaka atsikana. Koma lembetso ndi kuwerenga mokweza zinali ndi mphamvu imodzi imene foni ilibe: panali munthu womvetsera, amene akanati, "Bwereza, sindinamve."

Pano tiyenera kuchenjezako agogo. Amene munaphunzira kale munazolowera kulemba cimanga ndi nchito. Malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973, nakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo lero ana amalemba chimanga ndi ntchito. Musalimbane ndi mdzukulu pa zimenezi. Pa malembo, tsatani buku la ku sukulu. Gawo lanu ndi tanthauzo.

Nanga kholo limene silinapite ku sukulu lingathandize bwanji? Lingathandize kwambiri, pakuti makutu lili nawo. Madzulo mukatha kudya, muuzeni mwana atenge kope ndi cholembera, foni ikhale kaye m'thumba. Mulembetseni zinthu zenizeni za pakhomo: matumba a feteleza amene mwagula, mabelo a fodya amene mwatumiza, makilogalamu a khofi amene mwapereka ku kopaletivi ngati muli a ku Phoka kapena ku Nchenachena, tsiku limene mbuzi inaswa. Akatha, awerenge mokweza zimene walemba. Pamene simunamve, nenani kuti simunamve. Pamene wapuma pakati pa mawu osayenera kupumirapo, ndiye kuti mpumiro kapena mpatuliro wauika polakwika, ndipo adzaona yekha. Mwa njira imeneyi mwana akuphunzira, inunso mukupeza buku la chuma chanu, limene lidzakuthandizani tsiku limene mudzatsutsane ndi wogula.

Zimenezi zikatha, ndiye foni ituluke. Afufuzepo liwu la Chingerezi limene lamuvuta, kapena aone ngati malembo ali bwino. Ikamuuza kuti asinthe liwu, afunse kaye chifukwa chake, ndipo ngati sakuchimvetsa, apite nalo kwa aphunzitsi m'mawa. Mwana amene amangodina chilichonse chimene foni yanena ali ngati mlimi amene amalemba aganyu chaka ndi chaka, osagwirako khasu. Munda umalimidwa ndithu, koma tsiku limene ndalama zatha, manja ake ndi ofewa.

Palinso mtundu wina wa makina, monga ChatGPT imene inatuluka mu 2022, amene mukawauza mawu ochepa amakulemberani kalata yonse. Anyamata ena ayamba kulembera anthu makalata opempha ngongole ndi ofunsira ntchito mwa njira imeneyi. Chingerezi chake chimakoma, koma makinawo sanafikepo pa munda wanu. Angathe kulemba maekala amene mulibe, kapena kulonjeza tsiku lobweza limene simunanene. Musasaine kapena kudinda chala pa kalata imene simunaimve. Uzani wolembayo akuwerengereni mzere ndi mzere m'Chitumbuka, ndipo manambala onse muwafunse kawiri. Ngongole ikavuta, amene adzatengeredwe ng'ombe ndinu, osati foni.

Za kalata ya njovu ija, tinaitana mwanayo kuti aiwerenge mokweza bambo ake akumva. Pa liwu la ngoma bamboyo sanadabwe, pakuti naye ndi Mtumbuka, ndipo ndi ife tinalikonza kukhala chimanga. Koma atafika kumapeto, bamboyo anatukula dzanja nati, "Nanga kukula kwa munda wanena pati? Nanga tsiku limene zinabwera?" Zonsezi munalibe. Mwanayo anatenga pepala lina nalembanso: ekala imodzi ndi theka, usiku wa Lachinayi, njovu zisanu, mboni ndi a nyakwawa. Kalata yachiwiriyo inali yaifupi kuposa yoyamba, ndipo ndi imene anapita nayo.