Mpira Ukatalika, Alipira Mafuta Ndani?

Pa msika wa Katete, pa Sinda m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Lusaka, ngakhalenso ku Vubwi kufupi ndi malire a Malawi, kuli tinyumba ta malata momwe anthu amalipira pakhomo kuti aonere mpira pa wailesi ya kanema. Eni tinyumbati ali ndi dandaulo limodzi: mpira suthanso pa nthawi yake. Munthu amathira petulo m'jenereta, kapena kudalira batire ya sola, atawerengera mphindi 90 ndi zina 15 zopumula. Koma nthawiyo ikakwana, cikwangwani cimakwezedwa m'mbali mwa bwalo kuonetsa 8 kapena 10, ndipo jenereta imayamba kutsokomola. Kanema akazima zigoli zikali zofanana, amene analipira samva za mtengo wa petulo. Afuna ndalama zao.

Oimbira mpira sanasokonezeke mitu ai. Pa mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse ku Qatar m'caka ca 2022, bungwe la FIFA, kupyolera mwa mkulu wa oimbira, Bambo Pierluigi Collina, linalamula kuti mphindi iriyonse yotayika ibwezedwe: yosangalalira cigoli, yosinthira osewera, ndi yothandizira wovulala. Pa 21 Novembala caka cimeneco, pamene England inagonjetsa Iran 6-2, mphindi zoonjezera zinapitirira 25. Kuyambira mu 2020 timu imaloledwa kusintha osewera asanu m'malo mwa atatu. Palinso makina a VAR, amene woimbira amathamangira kukaonerako cimene cacitika, bwalo lonse liri duu kudikira. Kanema amene anabweretsa mpira m'midzi ndiye yemwenso akuutalikitsa.

Lamulolo ndi labwino. Wosewera amene amagona pansi ngati wamenyedwa ndi mphezi pamene timu yake ikutsogola amaba nthawi ya anthu, ndipo wakuba ayenera kubweza. Kungoti amene anakonza lamulolo amakhala kumene magetsi sathima. Sanaone caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo mabanja a m'Zambia anali kukhala mumdima maola oculuka tsiku liri lonse.

Mwina eni tinyumba angamukumbukire mokoma Bambo Janny Sikazwe, woimbira wa m'dziko muno, amene pa 12 Januwale 2022 ku Limbe, m'dziko la Cameroon, analiza wezulo yomaliza pa mphindi 85 m'masewera a Tunisia ndi Mali, nayambitsanso mpira, nalizanso mphindi 90 zisanakwane. Anthu a ku Tunisia sanaseke nao.

Ku America bvutoli ndi lakale. Mpira wao wa m'makoleji, uja wogwira ndi manja ndi kugwetsana, uli ndi mphindi 60 zosewera, koma umadya maola oposa atatu cifukwa koloko imaimaima ndipo a kanema amalowetsamo malonda. Mu 2023 anasintha malamulo kuti koloko isamaime kawirikawiri. Wojambula masewera kuti akaonere pobwera ku nchito amadziwa kuti ayenera kuonjezera nthawi pa makina ake, apo ai adzapeza nkhani yopanda mathero.

Anthu a m'Zambia sayenera kuuzidwa kuti zokoma za mpira ziri kumapeto. Pa 12 Malichi 1974 ku Cairo, Zambia ndi Zaire anasewera mphindi 120 m'ndime yomaliza ya Cikho ca Africa nafanana 2-2. Masewerawo anabwerezedwa patapita masiku awiri, ndipo Zaire inapambana 2-0, zigoli zake zonse zinai za masiku awiriwo atamwetsa Ndaye Mulamba. Masiku amenewo midzi ya kuno kum'mawa inali kumva mpira ndi makutu, amuna ataunjikana pa wailesi imodzi, mabatire ake ataanikidwa padzuwa kuti apezeko mphamvu. Pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, mphindi 120 zinathanso popanda cigoli pakati pa Zambia ndi Ivory Coast, Didier Drogba ataponyera penate kumwamba. Panafunika mapenate 18 kuti nkhani ithe, ndipo pamene Stoppila Sunzu anamwetsa yomaliza, kukhala 8-7, kuno kunali pakati pa usiku. Amene jenereta yake inatha mafuta pa mphindi 100 anamva za cikhoco ndi mfuu ya m'mudzi woyandikana nao.

Mlimi wa fodya kapena wa nsawa sangacezere usiku wotere nthawi ya dzinja, pamene m'mawa khasu likumudikira. Iye amaonera mawa lake pa foni ya mwana, ndipo kawirikawiri amapeza tizidutswa ta zigoli tokha. Za Ulaya sizibvuta, pakuti zimajambulidwa ndi makamera ambirimbiri ndipo sizitayika. Cimene cimatayika ndi mpira wa kwao kuno.

M'caka ca 1972 Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107. Mu 2012, caka cimene Lionel Messi anafika pa 91 ndipo dziko linati palibe anacitapo zotere, bungwe la FAZ linaturutsa dzina la Chitalu. A FIFA anayankha kuti iwo sasunga kaundula wa zigoli za m'mipikisano ya m'maiko, motero sakanatha kutsimikiza. Ngati zotere zinagwera munthu wochuka wa ku Kabwe, nanga mnyamata kapena mtsikana wa sukulu ya sekondale ku Katete, ku Chassa kapena ku Vubwi, amene amwetsa zigoli zitatu pa bwalo la fumbi, adzamuikira umboni ndani?

Mabwalo ambiri a masukulu ndi makoleji a kuno alibe nyali. Masewera oyamba 4 koloko madzulo m'mwezi wa Juni, akafika pa mphindi 30 zoonjezera ndi mapenate, amathera m'cisisira, goloboyi osaona mpira, ndipo ana ocokera kutali amayenda mumdima pobwerera kwao. Aphunzitsi a zamasewera akadamayambitsa ndime zomaliza 2 koloko. Foni yojambula ilipo pafupifupi pa sukulu iri yonse tsopano, koma imafuna batire yodzaza ndi malo okwanira maola awiri ndi theka, osati ola limodzi ndi theka monga ambiri amaganizira. Wojambulayo aime pa culu kapena pa ngolo, dzuwa liri kumsana kwake. Masewera akatha, maina a omwetsa zigoli ndi tsiku lake zilembedwe m'buku losungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, cifukwa foni imagwera m'madzi ndiponso imagulitsidwa fetereza akasowa.