Makobiri atsopano atuluka, koma m'misika ya m'malire chenje chikusowabe

MANDIMBA — Pa 16 Juni 2024, tsiku lomwe metikali idakwanitsa zaka 44, Banco de Moçambique idatulutsa ndalama zatsopano, zapepala ndi zachitsulo zomwe. Nkhope ya Samora Machel idatsala pa ndalama zonse zapepala, kuyambira ya mametikali 20 mpaka ya 1,000. Bwanamkubwa wa bankiyi, a Rogério Zandamela, adalongosola kuti zithunzi za pa ndalamazi zikulemekeza chikhalidwe, mbiri ndi nyama za dziko lino. Adatinso ndalama zomwe anthu akhala akugwiritsa ntchito kuchokera mu 2006 zipitiriza kuyenda pamodzi ndi zatsopanozi.

Mawu omalizawa ndi ofunika kuwamvetsa bwino ku midzi ya Mandimba, Ngauma ndi Cuamba. Nthawi iliyonse yosintha ndalama imabala akamberembere oyenda m'midzi ndi bodza lakuti ndalama zakale zatha ntchito, bweretsani tikusinthireni, kenaka n'kudulapo yawo. Mu 2024 sikudali kuchotsa maziro ngati mu 2006. Metikali ya chithunzi chakale ndi ya chithunzi chatsopano mphamvu yake ndi imodzi.

Chomwe chidasinthadi ndi chiwerengero cha makobiri. Mu 2006 adali a mitundu 9. Mu 2024 adatsala 7: a mametikali 10, 5, 2 ndi 1, komanso a masentavo 50, 10 ndi 1. A masentavo 20 ndi 5 sadapangidwenso.

Anthu a ku Cuamba akhoza kudandaula pang'ono, pakuti kobiri la masentavo 20 ndilo lidali ndi chithunzi cha thonje, mbewu yomwe yalera mabanja ambiri m'bomalo, komwenso kuli fakitale ya thonje ya kampani ya SAN. Pa makobiri onse a 2006, limeneli ndilo lidali lapafupi ndi moyo wa mlimi wa kumwera kwa Niassa. Pa la mametikali 5 adaikapo timbila ya Achopi a ku Zavala, m'chigawo cha Inhambane. Pa la mametikali 2 adaikapo celacanto, nsomba ya pansi pa nyanja yamchere yomwe msodzi wa pa nyanja ya Amaramba sadzaikola mu ukonde wake moyo wake wonse. Pa la metikali imodzi pali mtsikana akulemba, pa la mametikali 10 pali nyumba ya banki ku Maputo. Koma kunena zoona, ndi alimi angati a thonje omwe adagwirapo kobiri la masentavo 20 m'zaka zapitazi? Msika udalikana kalekale. Banki idangovomereza zomwe amayi ogulitsa tomato adagamula kale.

Chodabwitsa ndi chakuti kobiri la sentavo imodzi adalisiya. Pamafunika makobiri otere 100 kuti munthu akwanitse metikali imodzi, ndipo palibe msika kuno komwe lingagule ngakhale mchere wotsina ndi zala. Ntchito yake ili m'mabuku a mabanki ndi m'masitolo akuluakulu a m'mizinda, momwe mitengo imathera ndi masentavo 99.

Vuto la kuno lili pakati pa metikali imodzi ndi mametikali 20. Ndalama yapepala yochepetsetsa ndi ya 20. Chilichonse chotsika pamenepo chimafuna kobiri: mulu wa tomato, bokosi la machesi, chitumbuwa cha mwana wa sukulu, ndalama yotsala pa chigayo, ya pa chapa. Kobiri likasowa, wogulitsa amachita chimodzi mwa zinthu zodziwika. Amapereka siwiti kapena machesi m'malo mwa troko. Amauza wogula kuti abwerenso mawa. Kapena amangokweza mtengo kuti ufike pa 5 kapena pa 10, ndipo mtengo ukakwera choncho sutsikanso. Mayi amene amagula zinthu zitatu patsiku, n'kutaya metikali imodzi pa chilichonse, pakutha pa mwezi wataya mametikali 90. Wogula thumba lathunthu la shuga kusitolo sazimva zimenezi. Amazimva ndi uja wogula mafuta ophikira m'kapulasitiki, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku.

Chifukwa chomwe makobiri amasowera sichovuta kuchiona. Chitsulo n'cholemera. Mametikali 1,000 apepala amalowa m'thumba la malaya, koma a makobiri a metikali imodzi ndi katundu. Kuti afike ku Massangulo, likulu la boma la Ngauma, ayenera kuchoka ku Maputo, kufika ku nthambi ya Banco de Moçambique ku Lichinga, kulowa m'banki ya malonda, kenaka apezeke munthu wopita kukawapempha pawindo. Makina otulutsa ndalama aja sapereka makobiri. Ogula fodya, thonje ndi chimanga amalipira ndi mapepala akuluakulu. Choncho nyengo yokolola m'mudzi mumadzaza ndalama za 500 ndi 1,000, pomwe wa pa okala alibe chobwezera. Makobiri ochepa amene afika amakathera m'chitini cha pansi pa bedi, m'mbale ya chopereka kutchalitchi ndi m'bokosi la ku mzikiti, ndipo ulendo wawo wobwerera kumsika ndi wautali.

Mpata umenewu ndi umene kwacha ya ku Malawi imalowerapo. Pa mtengo wa m'mabanki mu 2024, metikali imodzi inkasinthidwa ndi makwacha pafupifupi 27. Ndiye kuti pepala la K50 linali pafupi ndi mametikali 2, la K100 pafupi ndi mametikali 4. Malawi ali ndi mapepala a ndalama zing'onozing'ono pamalo pomwe Moçambique ali ndi zitsulo zokha. Pepala silivuta kunyamula, amayi amalimanga pa nsonga ya chitenje, ndipo limaoloka malire a Chiponde tsiku lililonse m'matumba a akabaza ndi a ochita geni. Akuluakulu a boma akamadandaula kuti anthu a m'malire amakonda ndalama yachilendo, ndi bwino ayambe afunsa kuti ndalama yathuyo yaing'ono ili kuti.

Komabe nkhani ya kwacha kuno ndi yakale kuposa vuto la chenje. Metikali idabadwa pa 16 Juni 1980, kulowa m'malo mwa eskudo ya Apwitikizi, imodzi kwa imodzi. Tsikuli adalisankha dala, chifukwa ndi lokumbukira anthu amene adaphedwa ku Mueda mu 1960. Dzina lake ndi lakale kwambiri, lochokera ku liwu la Chiarabu la muyeso wa golide amene amalonda ankagwiritsa ntchito m'dziko lino zaka mazana zapitazo. Koma ndalamayi idakulira m'nkhondo. Masitolo adatsekedwa, njanji ya ku Cuamba idaonongeka, ndipo munthu akadakhala ndi mametikali odzaza dengu, panalibe choti agule. Kuyambira mu 1987, boma litayamba ndondomeko ya PRE, metikali idatsitsidwa mphamvu kambirimbiri. Anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Moçambique adathawira ku Malawi. Atasainirana mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992 n'kuyamba kubwerera, adabwera ndi kwacha m'thumba ndi mitengo ya kwacha m'mutu. Sopo, mchere, feteleza, chigayo ndi chipatala, zambiri zidali tsidya lina, ku Chiponde, ku Namwera ndi ku Mangochi. Munthu amasunga ndalama yomwe akagule nayo.

Maziro adapitiriza kuchuluka. Mu 1994 kudatuluka kobiri la mametikali 1,000, mu 1998 la 5,000, ndipo pofika mu 2003 kudali pepala la 500,000. Pa 1 Julayi 2006 boma lidadula maziro atatu, n'kubweretsa ndalama zomwe zidatchedwa Nova Família. Mametikali 1,000 akale adasanduka metikali imodzi. Koma pakamwa pa anthu sipadasinthe. Mpaka lero ambiri amawerengabe makonto. Konto ndi liwu la nthawi ya eskudo, limatanthauza 1,000. Lidapulumuka mu 1980, lidapulumukanso mu 2006, ndipo tsopano wonena kuti makonto 50 akunena mametikali 50. Mlendo wochokera ku Malawi amasokonezeka nazo.

M'zaka zaposachedwa zinthu zidatembenuka. Metikali idagwa koopsa mu 2016 chifukwa cha ngongole zobisika zija, mpaka dola imodzi idayandikira mametikali 80. Koma kuyambira mu 2021 mpaka mu 2024 idaima pa mametikali 63 kapena 64 pa dola. Kwacha ndiyo idayamba kutsetsereka. Reserve Bank of Malawi idaitsitsa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola idachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700.

Nayi masamu yake. Mlimi wa ku Ngauma amene adagulitsa chimanga kwa ogula a ku Malawi n'kusunga K100,000 m'nyumba, madzulo a tsiku lija adali ndi ndalama yokwana pafupifupi mametikali 5,400 pa mtengo wa m'banki. Kutacha idali yokwana pafupifupi 3,750. Palibe wakuba amene adathyola chitseko. Ndipo kwa anyamata osintha ndalama pa chipata cha Mandimba, komwe mtengo umatsata kusowa kwa dola ku Malawi osati chikalata cha banki, kwacha imagulidwa motsika kuposa pamenepo. Amene adapsa ndi moto umenewu safuna kuuzidwa ndi mkulu wa boma kuti azilandira metikali. Akudziwa okha.

Apa ndi pomwe pali mwayi womwe Banco de Moçambique sidakhale nawo kuno kwa zaka zambiri. Pa malonda akuluakulu, a chimanga, nyemba, nandolo ndi mbuzi, anthu ali ndi chifukwa chawochawo chofunira metikali. Msewu wa N13 wochoka ku Cuamba kudzera pa Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga adauthira phula, sitima ya pakati pa Cuamba ndi Lichinga idayambanso kuyenda mu 2016, ndipo katundu wochokera ku Nampula ndi ku Nacala akufika msanga kuposa kale. Chaka chomwecho boma lidakhazikitsa ndondomeko ya "Um Distrito, Um Banco" kuti boma lililonse likhale ndi banki. Koma banki ya pa likulu la boma siithandiza mayi wa m'mudzi wa m'malire, woyenda tsiku lathunthu kuti akaifike, ngati pa msika wake palibe kobiri la mametikali 2.

Ena amati foni ithetsa zonsezi. N'zoona kuti M-Pesa ya Vodacom ndi e-Mola ya Movitel zafika kutali komwe banki sidafikeko, ndipo zathandiza kwambiri potumiza ndalama kwa mwana wa sukulu ku Cuamba kapena kwa wodwala ku Lichinga. Koma potapa ndalama pamakhala yodula, wa ajenti nayenso amafuna chenje, ndipo m'midzi ina ya m'malire netiweki yomwe imagwira bwino ndi ya ku Malawi. Agogo ogulitsa masamba a mametikali 5 sangadikire foni yopanda moto.

Malamulo amati makobiri onse amene banki sidawaletse ayenera kulandiridwa, ndipo wogulitsa alibe ufulu wokana la masentavo 50 kapena kukakamiza wogula kutenga siwiti. Lamulo lotere limagwira ntchito pokhapokha makobiriwo alipo okwanira. Zofunika kuchita si zodula: magalimoto onyamula ndalama za malipiro a thonje ndi fodya anyamulenso matumba a makobiri a 1, 2, 5 ndi 10; mabanki a ku Cuamba ndi ku Mandimba asinthe ndalama zikuluzikulu kwa aliyense, ngakhale amene alibe akaunti; ndipo pa tsiku la msika ku Massangulo pakhale tebulo losinthira, lomwe lingalandirenso zitini za makobiri zochokera m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Nyengo yogula mbewu imayamba cha mu Meyi. Matumbawo ayenera kukhala atafika ku Lichinga mwezi wa Epulo usanathe.