Gitala ya nayiloni pa mchenga wa ku Nkhotakota

Ndikutengereni kunyanja pang'ono. Mu Seputembala 2024 chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe chinayambira ku Chintheche mu 2004, chinachitikira ku Fish Eagle Bay m'boma la Nkhotakota. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulakalaka chinthu chimodzi: kumva pa mchenga umenewo gitala ya nsambo za nayiloni, yoimba ndi zala popanda chokhwatchira, ikuyankhulana ndi ng'oma za jazi.

Ena amati zimenezo n'za azungu. Ine ndimakana. Daniel Kachamba wa ku Chileka ankaimba gitala imodzi ngati anthu atatu, chala chachikulu chikuyendetsa besi, zinazo zikutola nyimbo. Erik Paliani anatenga gitala yake kupita nayo ku Johannesburg, n'kukaimba ndi Hugh Masekela. Malemu Wambali Mkandawire analowetsa Chitumbuka mu jazi mpaka dziko linatchera khutu.

Chovuta chake ndi mphepo. Gitala ya nayiloni ili ndi mawu ofatsa, ndipo mwera ukaomba, mafunde amaimeza. Wosintha makina akangokweza besi, basi, zala zonse zija zapita pachabe. 

Ine ndikanaika woimbayo m'bandakucha, asodzi a usipa akukocheza mabwato, nyanja ili bata.